Mtsuko Umaziziritsa Madzi Chifukwa Umatuluka Thukuta

Mwezi wa Okutobala ukafika pachimake, dzuwa likuswa mtengo, nyumba zambiri zimakhala ndi ziwiya ziwiri zosungiramo madzi akumwa. Pali chigubu chapulasitiki, chija chachikasu chomwe kale munali mafuta ophikira, ndipo pali mtsuko wadothi umene umakhala pakona, kukamwa kwake atavundikira mbale. Madzi ake ndi amodzi, otungidwa pamjigo umodzi m'mawa womwewo. Pofika masana, am'chigubu amakhala atafunda, pomwe amumtsuko amatsika kukhosi kuti ziziri. Mlendo akapempha akumwa, mayi wapanyumba sapita kuchigubu.

Chimene chimabweretsa kusiyanaku ndi chinthu chomwe wosadziwa angachitche chilema. Mtsuko amauwotcha pamoto wa nkhuni ndi makungwa, moto wosafika ukali wa ng'anjo zakufakitale kumene kumachokera makapu onyezimira aja. Choncho dothi lake limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amadutsamo pang'onopang'ono mpaka kufika kunja. Ikani dzanja pamimba pa mtsuko wodzaza, mumva chinyontho. Yang'anani pankhata kapena pamchenga pamene wakhala, mupeza ponyowa. Kamphepo kakadutsa, chinyonthocho chimauma, ndipo pouma chimatenga kutentha kwa madzi otsala m'kati. Kutentha kumene kumachoka sikochepa ayi: kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika kutentha koposa kasanu kumene kumafunika kuti lita yomweyo ichoke pozizira ngati ayezi n'kufika powira. N'chifukwa chake timadontho tochepa totayika kunja timaziziritsa mtsuko wonse, ndipo n'chifukwa chakenso mtsuko umaonetsa luso lake m'chilimwe, mpweya uli wouma, kuposa m'dzinja.

Wina atafuna kuukonza, n'kuupaka penti yamafuta kapena kuumata simenti kuti usamanyowenso, mtsukowo udzakongola ndipo sudzatayanso dontho. Koma madzi ake adzafanana ndi am'chigubu.

Pokamba za mtsukowu, ndikunena za abusa, ansembe, alaliki, makatekisiti, akulu a mpingo ndi amayi otsogolera anzawo m'magulu a mpingo. Ife akhristu tili ndi chilakolako chimene sitichitchula poyera: timafuna mtumiki wopakidwa penti. Asadwale, asalire pamaliro, asanene kuti funso ili lamukanika, asaoneke kuti kunyumba kwake nako ufa umatha. Atumiki ambiri amachimva chilakolakochi, ndipo amayamba kudzimata okha. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho limakhala lomwelo chaka chonse, lakuti zonse zili bwino mwa Ambuye, ngakhale usikuwo sanagone. Ine ndimakhulupirira kuti apa mpingo umaluza chinthu chachikulu, ndipo amene analongosola bwino za kuluzaku ndi Paulo, polembera mpingo umene unkamupeputsa.

Paulo anafika ku Korinto cha m'ma 50 AD. Nthawiyi timaidziwa bwino chifukwa anakaonekera pamaso pa bwanamkubwa wachiroma dzina lake Galiyo, ndipo mwala wozokotedwa umene unapezeka ku Delphi umasonyeza kuti Galiyoyo anali paudindo cha m'ma 51 ndi 52. Korinto unali mzinda wamalonda, wa madoko awiri, wodzaza ndi anthu okonda kutchuka. Kumeneko mphunzitsi weniweni ankadziwika ndi maonekedwe, mawu osalala ndiponso mtengo umene ankalipiritsa omumvera. Munthu wophunzira wogwira ntchito yamanja ankaoneka wotsika. Ndiye kunatulukira Myuda uyu, n'kukhala m'nyumba ya Akwila ndi Prisila, n'kumasoka nawo mahema kuti apeze chakudya. Anakhalako miyezi 18. Iye mwini anawakumbutsa pambuyo pake kuti anafika pakati pawo ali wofooka, wamantha, akunjenjemera.

Atachoka, kunabwera alaliki ena, onyamula makalata owayamikira, odziwa kuyankhula, osachita manyazi kulandira ndalama. Akorinto anatengeka nawo. Anayamba kunena kuti Paulo ndi wolimba m'makalata mokha, koma ukamuona maso ndi maso alibe mphamvu, ndipo zoyankhula zake n'zosagwira mtima. Ngakhale kukana kwake kulandira malipiro kwa iwo anakutembenuza kukhala mlandu. Kalata imene timaitcha 2 Akorinto, yolembedwa ku Makedoniya cha m'ma 55 kapena 56, ndi yankho la munthu wopwetekedwa mtima ndi ana ake omwe.

Tikanakhala ife, tikanatulutsa ziphaso. Paulo anali nazo: anaphunzira kwa Gamaliyeli, anali nzika ya Roma chibadwire, anabzala mipingo kuyambira ku Galatiya mpaka ku Makedoniya. Koma m'mutu 4 akudzitcha chiwiya chadothi chosungiramo chuma, ndipo akupereka chifukwa chake: kuti aliyense woona mphamvu yotuluka m'menemo asaganize kuti mwini wake ndi chiwiyacho. Anthu a nthawi imeneyo ankasungadi zinthu zamtengo wapatali m'mitsuko. Mipukutu yakale ya Malemba imene inayamba kupezeka m'mapanga a ku Qumran mu 1947, kuphatikizapo mpukutu wa Yesaya, ina inali m'mitsuko yadothi, ndipo inakhala m'menemo zaka pafupifupi 2,000. Palibe amene anathamangira ku Qumran kukasirira dothi.

Pofika mutu 11, Paulo akuvomera kupikisana ndi alaliki aja pa kudzitama, koma mndandanda wake ndi wodabwitsa. Kasanu anakwapulidwa zikoti 39. Katatu anamenyedwa ndi ndodo. Kamodzi anaponyedwa miyala, katatu chombo chinamuswekera, ndipo anakhalapo usiku ndi usana akuyandama panyanja. Akutchula njala, ludzu, kuzizidwa, kusagona tulo, ndi nkhawa ya tsiku ndi tsiku yodera mipingo yonse. Ndipo pamapeto, pamene munthu amayembekezera chinthu chachikulu koposa, akusimba za ku Damasiko. Nduna ya mfumu Areta inaika alonda pazipata kuti amugwire, ndiye abale anamulowetsa mudengu, n'kumutsitsa ndi chingwe kudzera pazenera la linga. Taganizani munthu wamkulu, wophunzira, atapinda miyendo m'dengu usiku, akulendewera pakhoma, moyo wake uli m'manja mwa amene agwira chingwe kumwambako. Akorinto ankadziwa kuti asilikali achiroma ankapereka chisoti chaulemu kwa msilikali woyamba kukwera linga la adani. Mtumwi wawo akudzitama kuti iye linga analitsika, pothawa, atanyamulidwa ngati katundu.

Kenako pakubwera nkhani ya minga. Paulo akuti zaka 14 m'mbuyomo anaonetsedwa zakumwamba zosaneneka, ndipo akuzisimba mozemba, ngati zinachitikira munthu wina. Kuti asadzikweze nazo, anapatsidwa chomwe akuchitcha minga m'thupi. Sanatiuze kuti chinali chiyani. Ena amati anali matenda a maso, ena malungo obwerezabwereza, ena adani omusautsa. Chomwe ananena momveka ndi chakuti anapempha Ambuye katatu kuti amuchotsere, ndipo sanamuchotsere. Anauzidwa kuti chisomo chimene ali nacho chikwanira, ndi kuti mphamvu ya Mulungu imafika pachimake pamene munthu wafooka. Uyu ndi munthu yemwe ku Lusitara anadzutsa wolumala chibadwire, mpaka anthu anamuyesa mulungu n'kubweretsa ng'ombe kuti amuperekere nsembe. Pa thupi lake lomwe, pemphero lake linayankhidwa kuti ayi, ndipo iye sanabise. Analemba m'kalata yoti iwerengedwe pamaso pa mpingo wonse, kuphatikizapo aja ankamunena kuti ndi wofooka.

Apa m'pamene mtsuko uja ukutithandiza kumvetsa. Sikuti Mulungu amangopirira kufooka kwa mtumiki monga mmene timapiririra denga lodontha podikira malata. Kufookako ndi njira imene mpumulo umadzera pofika kwa anthu. Paulo akuyamba kalata yake ndi mfundo imeneyi: anakumana ndi msautso ku Asiya umene unamupyola mphamvu mpaka anataya chiyembekezo choti akhala moyo, ndipo akuti chitonthozo chimene analandira m'menemo ndi chomwecho chimene amatonthoza nacho ena. Aliyense amene anakhalapo pasiwa amaidziwa nkhaniyi. Mlaliki amene anaikapo mwana wake m'manda amayankhula mosiyana pamaliro a mwana. Mawu ake amakhala ochepa, sathamangira kufotokoza chifukwa chimene Mulungu walolera, amadziwa nthawi yongokhala pansi pambali pa anamfedwa. Anthu amamva kuti mawuwo adutsa m'thupi la munthu asanawafike. Wina angalalikire mutu womwewo mwaluso, mavesi ali pamlomo, koma anamfedwa n'kubwerera kunyumba ndi ludzu lawo.

Komabe pali kusiyana kumene mayi aliyense wogula mtsuko pamsika amakudziwa. Asanapereke ndalama amaunyamula, n'kuugogoda ndi chala. Wabwino umalira kuti ngwee. Wokhala ndi mng'alu, ngakhale wosaoneka, umalira mogonthera, ndipo amaubweza pansi. Thukuta ndi mng'alu si chinthu chimodzi. Mtsuko wa thukuta umataya pang'ono n'kuziziritsa zambiri. Wa mng'alu umangochucha, n'kusandutsa pakona matope, ana n'kugona ndi ludzu. Ndikutsindika zimenezi chifukwa mawu akuti kufooka agwiritsidwa ntchito molakwika m'mipingo yathu. Mtsogoleri akadya ndalama za chitukuko cha tchalitchi, akapereka mimba kwa mtsikana wakwaya, akamamenya mkazi wake, pamapezeka omuikira kumbuyo kuti nayenso ndi munthu, ndi chiwiya chadothi. Ayi. M'mutu womwewo umene Paulo akudzitcha chiwiya chadothi, wayamba ndi kunena kuti anakana zobisika zochititsa manyazi ndi kuchita mochenjerera. Pa ndalama zimene mipingo inkasonkhera osauka a ku Yerusalemu, anaonetsetsa kuti pakhale abale osankhidwa ndi mipingo oyenda nazo limodzi, kuti pasapezeke wonena. Kufooka kumene ankanyadira kunali mabala, mantha, kutopa, matenda ndi kunyozedwa. Tchimo limafuna kulapa ndi mwambo wa mpingo, ndipo amene analakwiridwa ayenera kumvedwa poyamba.

Palinso kudzichepetsa kwa pakamwa, kumene kumamveka m'mawu oyamba a ulaliki: ine wosayenera, ine kapolo wachabechabe. Mawuwa alibe vuto ngati akuchokera pansi pa mtima. Koma muyeso wake suli paguwa. Uli pa tsiku limene mkulu wa mpingo waimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Abusa, pamenepa ndiye sitinayende bwino." Uli pa tsiku limene mlaliki wachinyamata walalikira bwino kuposa mwini guwa, anthu n'kumamuyamikira panja. Yemwe amadzitcha wachabechabe Lamulungu koma osadzudzulika Lolemba wangosintha mtundu wa penti.

Chinthu china chokhudza mtsuko n'chodziwikiratu mwakuti timachiiwala: mtsuko si kasupe. Ulibe madzi akeake. Ndipo popeza umataya madzi ngakhale pamene palibe akumwa, umafuna kuthiridwa kawirikawiri kuposa chigubu. Kudalira Mulungu kumatanthauza zimenezi, ndipo si nkhani ya maganizo okoma chabe. Taonani sabata ya m'busa wa kumudzi amene ali ndi nthambi zingapo zotalikirana. Lachiwiri maliro, Lachitatu kukaona odwala kuchipatala, Lachinayi mlandu wa banja umene ankhoswe alephera, Lachisanu maliro ena kutsidya la mtsinje, njinga ataisenza pamapewa powoloka. Loweruka ukwati, usiku wake n'kumasakasaka mutu wa ulaliki maso akulemera. Foni nayo siona nthawi. Munthu wotere amatsegula Baibulo tsiku lililonse, koma amalitsegulira ena. Amapemphera kangapo patsiku, koma mokweza, pamaso pa anthu, m'malo mwa anthu. Zimatheka kutha miyezi osakhala pansi kuti iye mwini amve Mawu ngati munthu waludzu. Poyamba palibe amazindikira, chifukwa luso limapitiriza ntchito ngakhale m'kati mutauma. Chikho chikayamba kukhula pansi, amayamba kumva ndi a m'nyumba mwake: ukali wosadziwika bwino, kusafuna kuyankhulana, kunyansidwa ndi anthu omwe anaitanidwa kuwatumikira.

Amayi amadziwanso kuti mtsuko ukakhalitsa suziziritsa ngati kale, chifukwa timabowo tija timatsekeka ndi mchere wa m'madzi ndi litsiro, ndipo umafunika kuukwecha. Utumiki wa zaka zambiri uli ndi ngozi yomweyi. Maliro a nambala 300 sakhudza mtima ngati oyamba, ndipo munthu amaphunzira kunena mawu oyenera popanda kumva kanthu. Sindikuweruza, chifukwa kumeneko ndi kudziteteza kwa mtima wotopa. Koma ndi chizindikiro chakuti yafika nthawi yopuma ndi kufuna thandizo, osati yowonjezera misonkhano.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri m'kalata ya Paulo ndi njira imene Mulungu anamuthirira madzi. M'mutu 2 akusimba kuti anafika ku Trowa, n'kupeza khomo la uthenga lili lotseguka, koma mtima wake sunakhazikike chifukwa sanamupeze Tito, amene ankayembekezera kuti abwera ndi nkhani za ku Korinto. Anatsanzika, n'kusiya mwayi wolalikirawo, n'kuwolokera ku Makedoniya. Kumenekonso akuti kunja kunali mikangano, m'kati muli mantha. Ndiye akuti Mulungu anamutonthoza. Anamutonthoza bwanji? Tito anafika. Panalibe masomphenya kapena mngelo, koma mnzake wa mu utumiki, wamng'ono kwa iye, atanyamula uthenga wakuti Akorinto akumukumbukira. Anthu ena amaganiza kuti kudalira Mulungu ndi kusadalira munthu aliyense, ndipo m'busa woganiza choncho amasanduka chilumba: sauza akulu a mpingo kuti akudwala, sauza m'busa mnzake kuti banja likugwedezeka, amabisa mankhwala a BP kapena a shuga kuopa kuti akhristu anena kuti alibe chikhulupiriro. Paulo ankayenda ndi Luka, yemwe anali dokotala, ndipo analangiza Timoteo za mmene angathandizire m'mimba mwake momwe munkamuvuta kawirikawiri. Mose naye anauzidwa ndi mpongozi wake Yetero kuti kuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo kumulefula iye ndi anthu omwe, ndipo anamvera. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wodzozedwa.

Mbiri ya mpingo ili ndi anthu ambiri otere. Charles Spurgeon, mlaliki wa ku London amene anthu zikwizikwi ankakhamukira kukamumva, anali ndi zaka 22 zokha pamene, pa 19 Okutobala 1856, anthu ena anakuwa kuti kwabuka moto m'holo ya Surrey Gardens iye ali paguwa. Pothawa, anthu 7 anafa moponderezana. Chisoni cha tsikulo chinamutsatira moyo wake wonse, pamodzi ndi matenda otupitsa mfundo za mafupa ndi a impso, mpaka anamwalira mu 1892 ali ndi zaka 57. Sanadzimate. Anaphunzitsa poyera ophunzira ubusa a pakoleji yake za nthawi zimene mtumiki amagwa mphwayi ndi kuthedwa nzeru, kuti zikadzawagwera asadzaganize kuti Mulungu wawataya.

Kwathu kuno tili ndi William Koyi. Mu 1876 Dr James Stewart anapempha ophunzira a ku Lovedale, ku South Africa, kuti ena adzipereke kukathandiza mishoni ya Livingstonia imene inali itangoyamba ku Cape Maclear chaka chapitacho. Anasankhidwa anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Koyi anayamba sukulu ali wamkulu kale, atagwirapo ntchito yoyendetsa ngolo, ndipo zimasimbidwa kuti podzipereka ananena kuti mphatso yake ndi yochepa, koma anali wokonzeka ngakhale kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Mngunana, yemwe anali wophunzira kwambiri, anamwalira mu 1877. Koyi ndi amene anatsegula njira yopita kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, chifukwa Chixhosa chake chinkamvana ndi Chingoni, ndiponso chifukwa ankadziwa kukhala pansi, kudikira ndi kupereka ulemu pabwalo. Anakhala ku Njuyu zaka zingapo sukulu zili zoletsedwa, wopanda tchalitchi chodzaza choti aonetse. Anamwalira mu 1886, chaka chomwe chilolezo chotsegula sukulu chinaperekedwa, ndipo Angoni oyamba kubatizidwa kumeneko, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, anabatizidwa mu 1890 iye kulibe.

Fanizo lililonse lili ndi polekezera. Mtsuko susankha kukhala ndi timabowo, ndipo sungathe kudzipaka penti. Mtumiki angathe, ndipo kawirikawiri amachita zimenezi chifukwa ife tamukakamiza. Tikamusiya m'busa amene wadwala n'kuthamangira kwa amene akulonjeza kuti iye matenda samukhudza, tikuphunzitsa atumiki onse kuti kunena zoona n'koopsa. Tikamayeza ana a abusa ndi muyeso umene sitiyezera ana athu, tikamayembekezera kuti amayi busa akhale mtumiki wachiwiri wosalipidwa, tikuwonjezera simenti. Paulo sanachite manyazi kupempha Akorinto omwewo, omupeputsa aja, kuti amuthandize ndi mapemphero awo, ndipo pempho lotere limafuna mpingo wodziwa kulilandira popanda kuyamba manong'onong'o.

Zambiri mwa izi zili m'manja mwa akulu a mpingo ndi atsogoleri a m'miphakati. Pamsonkhano wawo amakambirana za malata, za zopereka, za milandu ya akhristu, koma si kawirikawiri pamene wina amafunsa ngati abusa anapuma mwezi uno, ngati ndalama yawo ya pamwezi inafika pa nthawi yake, ngati ali ndi mnzawo amene amamasuka naye. Zimafunika mkulu mmodzi wolimba mtima kuti apite kunyumba ya abusa madzulo, osanyamula vuto lililonse, n'kunena kuti, "Abusa, takuonani kuti mwatopa. Maliro a mawa tikayendetsa ife, inu mupite kuchipatala mukayezetse." Ndipo zimafunika abusa amene angavomere, n'kupitadi.